Masters ya za madzi: yambani ndi mtsinje, yunivesite ibwere pambuyo

Madzi amene mayi wa ku Kawale kapena ku Chilinde amatunga pampopi anagwa ngati mvula m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kutsetsereka ndi mtsinje wa Lilongwe, n'kusungidwa ku Malingunde m'madamu awiri a Kamuzu, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, asanayeretsedwe ndi kulowa m'mapaipi. Pa ulendo wonsewu pali mafunso ofunika kuyankhidwa ndi manambala. Mvula inagwa yochuluka bwanji? Yolowa m'nthaka ndi ingati, yotengedwa ndi dzuwa ndi mitengo ndi ingati? Mvula ikachedwa mpaka Disembala, damu lipirira kufikira liti? Nanga mitengo ikamatha ndi makala ku Dzalanyama, matope akudya malo aakulu bwanji m'damumo? Sayansi yoyankha mafunso otere ndiyo hydrology, ndipo digiri ya Masters ndi pamene munthu amaphunzira kuwayankha yekha, ndi umboni woti wina angautsimikize.

Ambiri ofuna maphunzirowa amayamba ndi kusaka yunivesite ndi sikolashipu. Ife tikukulangizani kuti muyambe ndi funso lanu la kafukufuku, kenako mukaone ndi maso anu ngati manambala oyankhira funsolo alipo. Ophunzira a kuno amene amakakamira pa Masters zaka zinayi mmalo mwa ziwiri, kawirikawiri m'kalasi anakhoza bwinobwino. Chimawagwetsa ndi kafukufuku amene anamangidwa pa data yoti kulibe.

Dzina la digiri lisakunamizeni

Mawu akuti "za madzi" akukwirira nthambi zosiyana kwambiri. Pali ophunzira za madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja, kusefukira ndi chilala. Pali hydrogeology, ya madzi a pansi panthaka, kumene mijigo imatunga. Pali za ukhondo wa madzi, zimene zimadalira chemistry ndi labotale. Pali uinjiniya wa madamu, mapaipi ndi mthirira. Ndiye pali kasamalidwe ka madzi kophatikiza malamulo, chuma ndi kagawidwe, kamene kamatchedwa IWRM. Zonsezi ndi zofunika, koma munthu wa IWRM sangopatsidwa ntchito yowerengera kukula kwa mlatho, ndipo katswiri wa mijigo sangalosere madzi osefukira ku Nsanje. Musanalembetse, pemphani mndandanda wa makosi onse a pulogalamuyo ndipo muwerenge kuti ndi angati ali ndi masamu, angati ali ndi ntchito ya kumtsinje kapena ya mulabotale, ndi miyezi ingati imene yaperekedwa ku kafukufuku.

Masamu sathawika. Wochokera ku civil engineering kapena ku irrigation engineering amafika ali ndi calculus ndi hydraulics, koma statistics imamuvuta. Wochokera ku geography, ku za nkhalango kapena ku za chilengedwe amadziwa mapu ndi nthaka, koma calculus ndi physics ya kayendedwe ka madzi ayenera kuziwerenga miyezi ingapo sukulu isanatsegule. Onse awiri aphunziretu QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, ndi chimodzi mwa R kapena Python, zowerengetsera data. Zitatuzi ndi zaulere. Excel imathandiza poyamba, koma mvula ya tsiku ndi tsiku ya zaka 30 pa masiteshoni khumi ndi mizere yoposa 100,000, ndipo kukopera ndi manja ndi kumene zolakwa zimaloweramo osazindikira.

Dziyeseni ndi kuwerengera uku. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya kilomita imodzi, ndi makiyubiki mita 1,000 a madzi. Tiyerekeze dera la masikweya kilomita 100 limene madzi ake onse amathira mumtsinje umodzi, ndipo lalandira mamilimita 850 pachaka, mvula yofanana ndi imene chigwa cha Lilongwe chimalandira zaka zambiri. Amenewo ndi makiyubiki mita 85 miliyoni. Ngati 15 mwa 100 alionse afika mumtsinje, ndiye kuti mtsinjewo wanyamula makiyubiki mita 12.75 miliyoni, pafupifupi malita 400 pa sekondi mukagawa chaka chonse. Otsalawo abwerera kumwamba kudzera m'dzuwa ndi m'masamba, ena alowa pansi. Koma malita 400 amenewo simudzawaona tsiku lililonse: mu Febuluwale mtsinje udzadzaza kuwirikiza kambirimbiri, mu Okutobala mwina udzatsala mchenga. Amene waona kuti vuto la damu kapena la sikimu ya mthirira lagona pa kusiyana kumeneku, wayamba kale kuganiza ngati katswiri wa madzi.

Manambala a mtsinje amachokera kuti

Apa ndi pamene tikhalitsepo. Palibe chida chimene chimayeza mwachindunji kuchuluka kwa madzi oyenda mumtsinje tsiku ndi tsiku. Chimene chimayezedwa ndi msinkhu wa madzi. Pa siteshoni pamakhala geji, mbale zachitsulo zolembedwa manambala zozikidwa m'mphepete, ndipo munthu wa m'mudzi wapafupi amawerenga kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kulemba m'buku. Kuti msinkhuwo usanduke makiyubiki mita pa sekondi, akatswiri amapita kukayeza liwiro la madzi ndi zida zotchedwa current meter kapena ADCP. Amagawa mtsinje m'zigawo pafupifupi 20 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, pachigawo chilichonse n'kuyeza kuya ndi liwiro. Pamadzi osaya liwiro limayezedwa pa 0.6 ya kuya kuchokera pamwamba, pamadzi akuya limayezedwa pa 0.2 ndi pa 0.8 n'kutenga pakati. Mtsinje wa mamita 10 m'lifupi, wakuya theka la mita, wothamanga mamita 0.4 pa sekondi, ukunyamula makiyubiki mita 2 pa sekondi. Miyezo yambiri yotere, ya nthawi ya madzi ochepa ndi ya madzi ambiri, ndiyo imapanga rating curve, mzere wolumikiza msinkhu ndi kuchuluka kwa madzi.

Mzere umenewu umagwira ntchito pokhapokha ngati pansi pa mtsinje sipanasinthe. Mitsinje yathu yambiri ndi yamchenga. Madzi akasefukira kamodzi, pansi pamakumbika kapena kukwiririka. Okumba mchenga mu Lilongwe ndi mu Lingadzi amasintha maonekedwe a mtsinje mwezi ndi mwezi. Zikatero mita imodzi pa geji chaka chino sikufanana ndi mita imodzi ya zaka khumi zapitazo, ndipo amene akugwiritsa ntchito mzere wakale akutulutsa manambala ooneka bwino koma abodza. Chinanso, madzi amasefukira kwambiri usiku kapena kwa maola ochepa mvula yamabingu ikangogwa, nthawi imene wowerenga geji kulibe, ndiponso palibe angalowe mumtsinje ndi current meter pamene ukukokolola mitengo. Motero nsonga yapamwamba ya rating curve nthawi zambiri imakhala yongoyerekeza, komatu ndi yomweyo imene wofufuza za kusefukira akuifuna.

Choncho musanalembe proposal, pitani ku nthambi yoona za madzi muunduna ndi ku National Water Resources Authority (NWRA), bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Dziko lino linagawidwa m'madera a madzi 17. Shire ndi dera 1, Linthipe, mmene muli mtsinje wa Lilongwe, ndi dera 4, Bua ndi dera 5, ndipo nambala ya siteshoni iliyonse imayamba ndi nambala ya dera lake. Funsani zinthu zinayi: zaka zimene siteshoniyo ili ndi manambala, masiku amene akusowa ndi nyengo imene akusowera, chaka chimene rating curve inakonzedwa komaliza, ndi msinkhu wapamwamba kwambiri umene unayezedwadi ndi chida. Masiku osowa a mu Ogasiti sapweteka ngati a mu Januwale. Za mvula mukafunse ku nthambi yoona zanyengo. Siteshoni ya Chitedze ndi ya pabwalo la ndege la Kamuzu ndi zina mwa zodalirika kuno, koma kumapiri kumene mitsinje imayambira, ndi kumene mvula imagwa yambiri, zoyezera zimakhala zochepa. Ambiri amatseka mpatawu ndi CHIRPS, manambala a mvula ochokera ku satelayiti amene amayambira 1981 ndipo amagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi asanu. Ndi othandiza pa mvula ya pamwezi, koma amakonda kuchepetsa mvula yamphamvu ya tsiku limodzi. Ayerekezeni kaye ndi siteshoni yapansi musanawakhulupirire.

Kumbukiraninso kuti chaka cha madzi kuno chimayamba pa 1 Novembala n'kutha pa 31 Okutobala. Mukawerengera kuyambira Januwale, mwadula dzinja limodzi pakati n'kulisakaniza ndi lina.

Za ma model

SWAT, HEC-HMS, HEC-RAS, WEAP, MODFLOW ndi Pitman, imene inapangidwira mitsinje ya kummwera kwa Africa, ndi mayina a ma model, mapulogalamu a pakompyuta oyerekezera kayendedwe ka madzi, amene mudzawamva tsiku lililonse. Wophunzira amakopeka kunena kuti "ndigwiritsa ntchito SWAT pa mtsinje wakuti" ngati kuti limenelo ndi funso la kafukufuku. Model ndi khasu chabe. Funso ndi monga ili: kuchepa kwa nkhalango kwasintha bwanji madzi amene mtsinje umakhala nawo mu Seputembala ndi Okutobala? Mukakhala ndi funso, m'pamene mumasankha chida chosavuta kwambiri chimene chingaliyankhe.

Kagwiritsidwe kake koyenera ndi aka. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira zimatayidwa kuti model ikhazikike. Zotsalazo zimagawidwa pawiri: gawo loyamba ndi la calibration, pamene mumasintha manambala a nthaka ndi zomera kuti zotuluka zifanane ndi zoyezedwa, gawo lachiwiri ndi la validation, pamene simukhudzanso kanthu, mumangoona ngati model ikulondola pa zaka zimene sinaonepo. Magawo onse awiri akhale ndi zaka za mvula yambiri ndi za chilala. Ambiri amakondwa NSE, nambala yoonetsa mmene zotuluka mu model zikufananira ndi zoyezedwa, ikadutsa 0.5, koma nambala imeneyi imakokedwa kwambiri ndi masiku a madzi ochuluka, kotero model ikhoza kukhoza pamenepo pamene ikulephereratu madzi a m'chilimwe. Jambulani mizere iwiri, yoyezedwa ndi yoyerekezedwa, muione ndi maso. Ndipo samalani ndi madambo. Chigwa cha Lilongwe ndi Kasungu chadzaza madambo amene amasunga madzi n'kumawataya pang'onopang'ono kapena kuwapereka ku dzuwa, ndipo ma model ambiri opangidwa kunja sawadziwa. Mukawakakamiza ndi manambala osagwirizana ndi nthaka yeniyeni, calibration idzaoneka bwino, koma yankho la funso lanu lidzakhala lolakwika.

Amene akufuna za kusefukira amvetsetse mawu akuti madzi a kamodzi pa zaka 100. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 100 woti madzi otere abwere. Pa zaka 30, mwayi woti abwere kamodzi kapena kuposerapo ndi pafupifupi 26 mwa 100. Akhoza kubweranso zaka ziwiri zotsatizana. Dziko limene linaona anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Freddy mu 2023, likufunika anthu otha kufotokozera makhansala ndi mafumu zimenezi m'Chichewa chomveka. Kuno ku Lilongwe, madzi a Lingadzi amene analowa m'nyumba za ku Mtandire mu 2017 anaonetsa kuti mzinda ukamakula ndi malata ndi simenti, mvula yomwe ija imafika mumtsinje msanga ndiponso yambiri.

Madzi a pansi

Anthu ambiri a kumudzi amamwa madzi a mjigo, koma odziwa hydrogeology ndi ochepa, ndiye ngati mukukayika kuti mulowere kuti, ganizirani mbali imeneyi. Pansi pa chigwa cha Lilongwe pali thanthwe lakalekale limene pamwamba pake panafumbutuka, ndipo madzi amakhala m'gawo lofumbutukalo ndi m'ming'alu. Malo otere amapereka madzi ochepa pa mjigo uliwonse. Pampu yamanja ya Afridev imakhutira ndi pafupifupi kota ya lita pa sekondi, yokwanira anthu 250 amene mjigo umodzi umayenera kutumikira. Vuto limabwera pamene mjigo womwewo waikidwa pampu ya sola yofuna malita awiri pa sekondi. Nambala imene wokumba amapereka pouzira mphepo m'dzenje imakonda kukhala yokwera. Choonadi chimadziwika ndi pumping test: kupopa mwa masitepe anayi, lililonse ola limodzi kapena awiri, kenako kupopa mosasintha kwa maola 24 mpaka 72, n'kumayeza kutsika kwa madzi mphindi iliyonse poyamba, kenako motalikitsa, ndipo pampu ikazimitsidwa kuyezanso mmene madzi akubwerera. Madzi opopedwawo atayidwe kutali, chifukwa akatayidwa pafupi amalowanso pansi n'kukunamizani. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa chilimwe, pamene madzi atsikiratu.

Ukhondo wa madzi nawo uli ndi misampha yake. Ku Nathenje kunapezeka mijigo ya fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amene WHO inaika ngati malire, ndipo mano ofiirira a ana ndiwo amachitira umboni. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Wofufuza zotere ayeze pH, kutentha ndi conductivity, imene imaonetsa kuchuluka kwa mchere m'madzi, pamjigo pomwepo, atapopa kaye kuti madzi ogona m'paipi achoke. Madzi okayezetsa tizilombo ngati E. coli aikidwe m'botolo loyeretsedwa kale, lopanda tizilombo, m'bokosi la ayezi, ndipo afike kulabotale mkati mwa maola 6, asapitirire 24. Madzi okayezetsa zitsulo amathiridwa nitric acid. Zotsatira zikabwera, onkhetsani ma cation paokha ndi ma anion paokha, magulu awiri a mchere wosungunuka m'madzi amene amayenera kulingana: akasiyana kupitirira 5 mwa 100, china chake chalakwika poyeza. Konzani ulendo wanu motsatira masiku amene labotale imalandira mabotolo, chifukwa madzi otungidwa Lachisanu masana ku Mitundu n'kudikira Lolemba ndi ndalama yotayika.

Masters ya miyezi 18 kapena 24 imakupatsani dzinja limodzi lokha loyezera, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chilolezo cha kafukufuku kapena ndalama zikachedwa mpaka Meyi, mvula yapita, ndipo mudikira chaka. Werengerani chammbuyo kuchokera pa mvula yoyamba: zida zifike mu Seputembala, geji izikidwe mu Okutobala mtsinje usanadzaze, amfumu ndi komiti ya m'mudzi akhale atamva kale za ntchito yanu. Chida chosiyidwa kumtsinje popanda mwini wake m'mudzimo sichikhalitsa.

Kophunzirira ndi ndalama

Kuno kwathu, LUANAR ku Bunda ndi yamphamvu pa mthirira ndi nthaka, Mzuzu University ili ndi nthambi ya za madzi ndi ukhondo, MUBAS ku Blantyre ili ndi uinjiniya, University of Malawi ku Zomba ili ndi chemistry ndi sayansi ya nthaka ndi miyala, ndipo MUST ku Thyolo ili ndi sukulu ya zanyengo. Mapulogalamu a Masters satsegulidwa chaka chilichonse, ndiye funsani ngati akulembadi ophunzira, ndipo muone ngati pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ubwino wophunzira kuno ndi woti mtsinje wanu uli pafupi ndipo ntchito simusiya. Kuipa kwake ndi komweko: wogwira ntchito masana amamaliza makosi, koma kulemba kafukufuku kumangokankhidwa.

M'chigawo chino muli Masters ya IWRM ya WaterNet, mgwirizano wa mayunivesite ophunzitsa za madzi, imene imachitikira ku University of Zimbabwe ndi ku University of Dar es Salaam. Ku South Africa, Rhodes University ndi University of KwaZulu-Natal ndi zodziwika pa za mitsinje, ndipo University of the Free State ku Bloemfontein ili ndi sukulu ya madzi a pansi. Kuphunzira kumeneko kuli ndi phindu loti nyengo ndi miyala yake ikufanana ndi yathu. African Union ili ndi sukulu ya za madzi ndi mphamvu yotchedwa PAUWES ku Tlemcen, m'dziko la Algeria. Ku Ulaya kuli IHE Delft ku Netherlands, ndi mayunivesite a ku Germany monga Stuttgart ndi Dresden amene amaphunzitsa m'Chingerezi.

Sikolashipu iliyonse ili ndi malamulo ake. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka ziwiri, imalipirira Masters ya chaka chimodzi ku UK, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. DAAD ya ku Germany, pa maphunziro okhudza chitukuko, imafunanso zaka ziwiri za ntchito. Palinso Commonwealth, Fulbright, ndi Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Zambiri zimatseka miyezi yambiri sukulu isanayambe, ndiye yambani chaka chathunthu pasadakhale. Transcript imachedwa kutuluka, pasipoti nayonso. Mayunivesite ambiri amafuna 6.5 pa mayeso a Chingerezi a IELTS, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, pamene ena amalandira kalata yotsimikiza kuti digiri yoyamba munaphunzira m'Chingerezi. Ogwira ntchito m'boma akonzeretu za tchuthi cha maphunziro ndipo awerenge bwino pangano lodzabwerera kuntchito asanasaine. Walira mvula walira matope. Odzilipirira okha kunja akumbukire kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo fizi ya madola inakwera pomwepo.

Masters ya chaka chimodzi imasiya miyezi itatu kapena inayi ya kafukufuku, ya m'chilimwe cha kuno. Wopita kotero anyamuliretu data yake asanakwere ndege, chifukwa kuipempha pa imelo ali kunja kumadya theka la nthawiyo.

Supavaiza ndi wofunika kuposa dzina la yunivesite. Werengani zimene walemba zaka zisanu zapitazi, fufuzani kuti ophunzira ake amamaliza pa nthawi yanji, ndipo mukamulembera musanene kuti mumakonda za madzi basi. Tchulani mtsinje, funso, masiteshoni, zaka za data imene mwaiona ndi mipata yake. Kalata ya ndime zitatu yotere imayankhidwa msanga kuposa ya masamba awiri yodzitamandira. Chimodzimodzi ndi kalata ya sikolashipu. PhD, ya zaka zitatu kapena zinayi, muiganizire ngati mukufuna kuphunzitsa kapena kukhala wofufuza. Pa ntchito zambiri Masters ndi zaka zingapo za kumtsinje zimakwanira.

Ntchitozo zili m'mabungwe asanu ogawa madzi, a Lilongwe, Blantyre, ndi a zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera, ku NWRA, ku unduna, ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, m'makampani a uinjiniya, m'mabungwe omwe si aboma, ndi ku EGENCO, imene magetsi ake a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amadalira Shire. Amene akulowera ku uinjiniya alembetse ku Malawi Engineering Institution. Ndipo mitu ya kafukufuku sikusowa. Nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri ndi dzuwa kuposa amene amatuluka mu Shire, kotero kusintha pang'ono kwa mvula kumasuntha msinkhu wake. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka, pamene mu 2024 inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Amene amatsegula ndi kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde amasankha pakati pa magetsi, mthirira wa ku Chikwawa ndi nyumba za m'mphepete mwa nyanja. Nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukira, inauma mu 1995 ndi mu 2018.

Mukamaliza kuyeza, sungani manambala anu m'malo atatu, limodzi la pa intaneti, pamodzi ndi zithunzi za masamba a buku la kumunda, malo enieni a GPS ndi dzina la chida chimene munagwiritsa ntchito. Kope lina mukalisiye ku ofesi imene inakupatsani data yakale, kuti miyezo yanu ya dzinja limenelo ilowe mu rating curve ya siteshoniyo.